Mayi anga azaka 79 akukana kusiya khasu

FUNSO: Azakhali, ine ndimakhala pa Nchalo, ndimagulitsa kaunjika, koma mayi anga ali kumudzi chakufupi ndi Bangula. Ali ndi zaka 79 koma mutawaona simungavomere, amadzuka m'mamawa kupita kudimba komwe amalima chimanga, mbatata ndi nyemba, pobwerako asinja okha mapira, Lachinayi ali kumvano, kukakhala ukwati ndiye gule wa utse amavina mpaka atsikana kuchita kuwapatsa bwalo. Achimwene anga a ku Blantyre akuti tiwatenge akapume kutauni poti anthu akutiseka kuti ana alipo koma nkhalamba ikulimabe. Mayi akukana mpaka kukwiya, akuti mukufuna ndife msanga eti. Chinanso ena m'mudzimo ayamba manong'onong'o oti mphamvu zimenezi sizabwinobwino. Titani? — Wothedwa nzeru, Nchalo

YANKHO: Mwana wanga, mayi ako akunena zoona, musawalande khasulo. Munthu wamkulu akangokhala pansi miyendo imafooka msangamsanga, chilakolako cha chakudya chimachepa, tulo timavuta, ndiye muwatsekere mumpanda ku Blantyre ana onse ali kuntchito, opanda mnzawo wocheza naye Chisena, mwezi umodzi wokha mudzaona munthu wasintha. Kudimbako, kumvanoko ndi kubwalo la utse ndi kumene kukuwasunga.

Chimene ine chikundidetsa nkhawa ndi dzuwa la kuchigwa kwanuko. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo okalamba samva ludzu msanga ngati achinyamata, thupi limatha madzi iwo osadziwa, kenako chizungulire, kugwa, mwina mpaka kuthyoka chiuno. Ndiye gwirizanani nawo kuti ikamakwana 9 koloko akhale ataweruka, anyamule botolo la madzi kapena thobwa, avale chipewa, ndipo asapite okha, makamaka ngati dimbalo lili m'mbali mwa Shire kumene ng'ona sizisowa. Ntchito yolemetsa ngati kugalauza ndi kusenza matumba, apa ndi pamene achimwene akowo aonetse chikondi chawo, atumize ndalama pafoni mulembe waganyu. Kubzala, kupalira pang'ono ndi kulamula kuti apa pabzalidwe chiyani, zisiyireni eni dimba.

Apititseni kuchipatala akayezetse BP ndi shuga ngakhale sakumva kupweteka paliponse, BP imakwera mwakachetechete mpaka munthu kufa ziwalo. Mchere achepetse, nsomba zouma zamchere aziyamba aziviika m'madzi asanaphike. Akayamba kuona ngati chifunga awaone maso, ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni. Neti azigonamo tsiku lililonse.

Za ku Blantyre sindikuzikaniratu ayi. Tonse tikukumbuka madzi osefukira a Januwale 2015 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, mmene okalamba anavutikira kuthawa ku Nsanje ndi Chikwawa. Apempheni mwaulemu kuti miyezi ya mvula yambiri akacheze kwa mwana wawo, madzi akaphwera abwerere kukabzala kudimba. Muwauze kuti ndi ulendo wokacheza ndi adzukulu, ndipo musunge lonjezo lowabweza.

Koma manong'onong'owo musawatenge mopepuka, nkhani zotere zaphetsa agogo osalakwa m'dziko muno ndipo zimandiwawa kwambiri. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndi mlandu ndithu. Pitani kwa amfumu inu ana nonse pamodzi ndi amalume anu mukanene zisanakule, ndipo wina akangowatchula poyera kapena kuwaopseza, kanenani kupolisi tsiku lomwelo.