Mnzanga amabisala kumbuyo kwanga ulendo wonse kenako n'kundidutsa pamapeto, ndikwiye?

Ndalandira imelo kuchokera kwa owerenga ena amene apempha kuti ndisawatchule dzina, nde tingoti achimwene. Nkhani yawo mwachidule ili chonchi: amapalasa njinga ya pamsewu, zija za matayala owonda zija, wikendi iliyonse ndi kagulu ka anzawo, si zampikisano ayi, kungolimbitsa thupi ndi kucheza basi. Koma pagulupo pali mnzawo mmodzi amene amangokhala phee kumbuyo kwawo ulendo wonse osapitako kutsogolo olo kamodzi, nde akayandikira pamwamba pa chitunda amangotulukira pambali n'kuliyatsa liwiro kuwasiya, madzulo n'kukaika pa Strava, pulogalamu ya pa foni yosunga maulendo ndi nthawi za apanjinga ndi othamanga, ndi timawu toseka. Akufunsa kuti kodi akwiye kapena ndi mmene masewerawa amakhalira. Funso lachiwiri ndi loti pali kanjira kena kamene apanjinga amagawana ndi oyenda pansi, pamenepo pali segment, kachigawo ka njira kamene Strava imaonetsa amene wakadutsa mwachangu kuposa onse, imene akufuna kumulanda mnzawoyo pobwezera, koma akuti anthu oyenda pansi amawachedwetsa, nde awauze bwanji kuti azipatuka msanga.

Achimwene, pa funso loyambalo ndili mbali yanu, koma pang'ono chabe. Pa lachiwirilo ndiye ayi ndithu, tifikapo.

Choyamba, simukulota, mnzanuyo akukudyerani masuku pamutu. Pamsewu wosakwera, ukamathamanga makilomita 30 pa ola kapena kuposa, mphamvu zako zambiri sizikuthera pa tcheni kapena pa matayala, zikuthera pokankha mphepo. Ndipo mphepo ndi yankhanza chifukwa ukafuna kuthamanga kawiri liwiro lako, mphamvu yolimbana nayo siwonjezeka kawiri koma kasanu ndi katatu. Nde munthu amene wamatirira kumbuyo kwa tayala lanu amapulumutsa mphamvu pafupifupi 30 peresenti, nthawi zina kuposa ngati ali mkati mwa gulu lalikulu. Tangoganizani maola awiri inu mukuboola mphepo thukuta lili kamukamu, iye akungotsetsereka m'mbuyo mwanu mwina akuimbanso kaluzu, mukafika pa chitunda miyendo yanu yatha kale yake ikadali yatsopano. Palibe zamatsenga apa.

Koma pali kanthu kamene mwina simukakonda. Pa chitunda chenicheni chokwera kwambiri, pamene nonse mwatsika kufika makilomita 10 kapena 12 pa ola, kubisala kumbuyo sikuthandiza kwenikweni chifukwa mphepo yachepa, chimene chikugwira ntchito pamenepo ndi kulemera kwa thupi ndi njinga poyerekeza ndi mphamvu za m'miyendo. Nde ngati mnzanuyo ndi wochepa thupi kuposa inu, n'kutheka kuti olo atamagwira ntchito kutsogolo bwinobwino angamakusiyenibe pa chitundapo. Ndikunena izi kuti musakayembekezere zoti akangosiya kubisala basi inu mwawina. Mwina ayi.

Tsono kodi akulakwa? Mu mpikisano weniweni ayi, kumeneko ndi nzeru. Penyani Tour de France, mpikisano umene unayamba mu 1903, akatswiri othamanga pamapeto aja amakhala obisidwa ndi timu yawo tsiku lonse n'kudzaonekera mphepo mamita 200 omaliza okha, ndipo palibe amene amati aba. Aliyense walowa akudziwa kuti malamulo ake ndi amenewo. Vuto la pagulu lanu ndi loti inu mukuganiza kuti muli pa ulendo wocheza pomwe iye m'mutu mwake ali pa mpikisano, ndipo sanakuuzeni. Munthu wawina mpikisano umene mnzake samadziwa n'komwe kuti ulipo, ameneyo wawina chani? Kupikisana kwa pachinzake kumakoma ngati nonse mukudziwa poyambira ndi pothera, ndipo nonse mwavomera. Kupanda apo ndi kuberana basi.

Nde m'malo mosunga mkwiyo mpaka tsiku lina mudzaphulike pa zinthu zazing'ono, kambani musananyamuke, pamene aliyense akupopa matayala ndi kumanga chisoti, moseka momwemo koma zimveke. Magulu ambiri amachita chonchi: pamsewu wosakwera timasinthana kutsogolo, aliyense miniti imodzi kapena ziwiri malinga ndi mphamvu zake, wakutsogolo akatopa amagwedeza chigongono kusonyeza kuti wotsatira adutse, iye n'kupatukira pambali pang'ono n'kubwerera kumapeto kwa mzere. Chitunda chakutichakuti, kuyambira pa chikwangwani chija mpaka pamwamba, aliyense payekha, amene ali ndi miyendo aonetse. Pamwamba tonse tidikirana mpaka womaliza afike ndipo apume kaye, osati iye akungofika ali wefuwefu inu n'kunyamuka nthawi yomweyo, khalidwe limenelo ndimadana nalo kwambiri chifukwa amene wapuma ndi wamphamvu yemwe uja, wofookayo sapumako ulendo wonse.

Ndipo pali lamulo lina losalembedwa limene apanjinga ambiri amalidziwa: ngati sunagwire ntchito kutsogolo, usalimbirane nawo pamapeto. Kubisala pakokha si tchimo, tsiku lina munthu umadzuka miyendo ilibe kanthu, kapena ndiwe watsopano, umangonena kuti akuluakulu lero ine ndingokhala kumbuyo, ndipo palibe amene angakudandaule. Koma ukatero ndiye pamapeto ukhalenso kumbuyo komweko. Zonse ziwiri sungatenge.

Mukagwedeza chigongono iye osadutsa, musachite zija ena amachita zomenya buleki mwadzidzidzi kapena kukhotakhota kuti mumuchotse, zimenezo ndi zoika moyo wa munthu pachiswe. Tayala lake lakutsogolo likangokhudza lanu lakumbuyo amene amagwa nthawi zambiri ndi iyeyo, chifukwa tayala lakutsogolo ndi limene limawongolera njinga, ndipo akagwa amagwetsanso onse amene ali m'mbuyo mwake amene sizikuwakhudza. Ingochepetsani liwiro pang'onopang'ono, siyani kupalasa, mutembenuke mumuuze kuti aise nthawi yako. Chimodzimodzinso mukafuna kuimirira pa mapedulo poyamba chitunda, dziwani kuti njinga imakhala ngati yabwerera m'mbuyo pang'ono pa nthawi imeneyo, nde imirirani mukukankha pedulo mwamphamvu kapena chenjezani kaye. Wakutsogolo ndiye maso a gulu lonse, dzenje, mwala, mchenga, galimoto yoima, zonsezo amaloza ndi dzanja kapena kukuwa, poti wakumbuyo akungoona msana wanu.

Mwina muziti koma zaulemuzi n'za ife osewera chabe, akatswiri alibe nazo ntchito. Ali nazo, ndipo amakangana nazo mpaka pano. Mu Tour de France ya 2001 Jan Ullrich anagwa potsetsereka phiri, Lance Armstrong anamudikira. Mu 2003 zinatembenuka, Armstrong anagwa pokwera Luz Ardiden handulo yake itakodwa pa chikwama cha munthu woonerera, Ullrich ndi anzake anachepetsa liwiro mpaka iye anawapeza. Zoti Armstrong anadzalandidwa zipambano zake chifukwa cha mankhwala ndi nkhani ina, ine ndikunena za kudikiranako. Kenako mu 2010 tcheni cha Andy Schleck chinagwa pokwera Port de Balès, Alberto Contador sanadikire, anamudya masekondi 39 tsiku limenelo, ndipo mpikisano wonse anadzawina ndi masekondi 39 omwewo. Anthu anamukuwiza Contador pamene ankavala malaya achikasu aja a wotsogola mpikisano. Mu 2012 chipambanocho chinaperekedwa kwa Schleck, Contador atalandidwa pa nkhani ya mankhwala, koma mukafunsa okonda njinga chimene amakumbukira ndi tcheni chija. Ngati anthu amene akulimbirana ndalama ndi mbiri amayembekezeredwa kudikira mnzawo akaona tsoka, kuli bwanji inu amene mphoto yake ndi kungosekana pa foni? Tayala la mnzanu likaphwa mumaima, olo akhale yemwe uja wobisalayo, mumubwereke chubu, nkhani ya chitunda mudzaipitiriza sabata yamawa.

Tsopano za kanjira kaja. Achimwene, apa ndiye ndikukanizani poyera, segment imeneyo isiyeni.

Chifukwa chake ndi chomwe chija ndanena pa mnzanuyo, kungoti pano amene mukulowetsa anthu mu mpikisano osawafunsa ndi inuyo. Mayi amene akuyenda ndi kamwana, agogo amene akuwongola miyendo, munthu wa galu wake pachingwe, wothamanga amene watseka makutu ndi nyimbo, palibe olo mmodzi amene anavomera kuti akhale nawo pa nkhondo yanu ndi mnzanu. Sakukuchedwetsani, akugwiritsa ntchito njira imene ndi yawonso. Tiwerengere limodzi: makilomita 36 pa ola ndi mamita 10 pa sekondi imodzi. Kuti maso aone, mutu uganize, zala zifinye buleki, sekondi yatha kapena kuyandikira, nde mwayenda kale mamita pafupifupi 10 njinga isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro, ndiye matayala owondawo pa njira ya mchenga kapena yonyowa sagwiranso bwino. Mwana samayenda mzere wowongoka, galu ndiye osanena, ndipo chingwe chake chimatha kudutsa njira yonse inu osachiona. Inu mwavala chisoti, iwo sanavale kanthu.

Mmene mumamvera galimoto ikakudutsani pafupi kwambiri pamsewu mpaka mphepo yake kukugwedezani, ndi mmenenso woyenda pansi amamvera mukamudutsa ngati chipolopolo. Pamsewu wofooka ndinu, pakanjira kaja wamphamvu ndinu, nde udindo wosamala uli pa inu.

Mwafunsa kuti muwauze bwanji kuti azipatuka. Belu kapena mawu ntchito yake ndi kudziwitsa munthu kuti mukubwera, si kumulamula kuti achoke. Imbani mukadali patali kuti akhale ndi nthawi yotembenuka, osati mwafika kale pa phewa lake chifukwa munthu wodzidzimuka amalumphira mbali iliyonse, nthawi zambiri mbali imene inu mumafuna kudutsira. Chepetsani liwiro ngati kuti sanakumveni, poti mwina sanamvedi, mwinanso ndi wovutika kumva. Siyani mpata wokwanira, mukadutsa nenani zikomo. Pokhota posaoneka kutsogolo musadutse munthu. Ngati muli gulu khalani mzere umodzi, ndipo woyamba anene kuti kumbuyoku kukubweranso ena, chifukwa anthu amakonda kubwerera pakati pa njira njinga yoyamba ikangodutsa. Kumene kumayendanso akavalo ndiye muzichita kuyankhula ndithu kuti nyamayo izindikire kuti ndi munthu akubwera, ndipo mukhale okonzeka kuima. Pa tinjira topapatiza ta m'mapiri chizolowezi chake n'choti wotsika amapatsa mpata wokwera, poti wokwerayo akaima kuyambanso kumavuta. Ndipo mukafuna kuima kuti mumwe madzi kapena kujambula, tulukani munjira.

Strava payokha si yoipa, inayamba mu 2009 ndipo yathandiza anthu ambiri kudzuka m'mamawa amene akanangogona. Koma foni sidziwa kuti pa nthawi imene mnzanuyo anaika lekodi yake njira inali yopanda anthu, kapena mphepo imamukankha kumbuyo, kapenanso anabisala kumbuyo kwa munthu wina ngati mmene amachitira kwa inumu kkkk. Nde mukhoza kuika anthu pangozi pothamangitsa nambala imene siikunena zoona zonse. Mu Stravamo muli njira yonenera kuti segment ndi yoopsa, ya pakanjira ngati kameneko ndi yoyenera kuinena. Ndipo ngati mtima ukufunabe kachizindikiro, kuyambira 2020 kuli Local Legend, imene imapita kwa munthu amene wadutsa segment kambirimbiri m'masiku 90, osati wothamanga kwambiri. Imeneyo mukhoza kuitenga mukuyenda mwaulemu ndi belu lanu.

Kubwezera kwenikweni kukachitikire pa chitunda cha pamsewu chopanda mphambano, chooneka patali, kumene liwiro limakhala lochepa kale ndipo wovutika ndi inu nokha awiri. Muuzeni mnzanuyo kuti wikendi ikubwerayi musinthana kutsogolo mofanana mpaka pansi pa chitunda, kenako muyambire limodzi mbali ndi mbali ngati msewu ukulola. Pakadali pano pakati pa sabata kakwereni chitunda chomwecho mobwerezabwereza, kukwera mwamphamvu mphindi zinayi kapena zisanu, kutsika mopumula, n'kubwerezanso, ndipo tsikulo musayambe ndi ukali pansi penipeni, sankhani giya yopepuka musunge kenakake ka gawo lomaliza poti mukudziwa kale kuti iye amadikira pamenepo. Mundilemberenso imelo mundiuze kuti zatha bwanji, olo atakusiyaninso.