Mphaka angadye chakudya cha galu? Kuyankha mayi a ku Matawale

Mayi ena a ku Matawale anditumizira imelo. Akuti ali ndi agalu awiri ndi mphaka mmodzi, nde akapita mmasitolo akuluakulu ku Blantyre amaona chakudya cha agalu chili mmatumba akuluakulu pomwe cha mphaka chili mtimapaketi ting'onoting'ono, koma ukawerengera pa kilo cha mphakacho nchodula kwambiri. Akufunsa ngati ndi ukathyali chabe wa amalonda, komanso ngati angamagule thumba limodzi la agalu mphakayo nkumadyera momwemo.

Mayi, matama a malonda alipo ambiri ndithu, koma thumba la agalulo mphaka musamudyetse tsiku ndi tsiku chonde.

Wotulutsa ndalama ndi inu, nde chonse chili kutsogolo kwa paketi anakonzera maso anu. Makampani ake ndi omwewomwewo. Pedigree ya agalu ndi Whiskas ya amphaka zonse ndi za Mars, Sheba ndi Royal Canin nazonso ndi zawo. Friskies, Felix ndi Fancy Feast ndi za Purina, imene Nestlé inagula mu 2001. Anthu amodzi koma akuyankhula nanu pawiri. Pa thumba la galu amajambula galu akuthamanga, ubweya uli phuliphuli, amakuuzani za mano olimba, mafupa, mphamvu, ichi cha ana agalu ichi cha agalu akuluakulu, chifukwa akudziwa kuti galu sakana chakudya nde palibe chifukwa chokunyengererani za kukoma, amangoti mnzanu wokhulupirikayu msamalireni ndipo thumba lalikulu ndi lotchipirako. Kwa mphaka amagwira pa mantha anu oti anunkhiza nkuchokapo. Nde mpamene mumaona tuna, salmon, msuzi, timapaketi ta magalamu 85, mitundu yagolide, ndipo a Fancy Feast amaonetsa mphaka woyera waubweya wambiri akudyera mmbale yagalasi ngati bwana. A Whiskas ku Britain anatchuka ndi kunena kuti eni amphaka 8 mwa 10 aliwonse akuti amphaka awo amakonda chimenechi, kenako anachita kusintha mawuwo kuti akunena okhawo amene anasankhapo mbali atafunsidwa.

Zonsezi anakonzera anthu a ku London ndi Johannesburg komwe chiweto chimagona pabedi. Kuno ku Zomba galu ndi mlonda, mphaka ndi wa makoswe mnkhokwe, nde musadzione ngati mukuzunza chiweto chifukwa simugula kapaketi kagolide.

Koma kusiyana kwenikweni kuli mthupi, ndipo apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse. Mphaka ndi wodya nyama basi. Pali chinthu chotchedwa taurine chimene chimapezeka mu nyama, makamaka mtima ndi nsomba, galu thupi lake limapanga lokha koma mphaka sapanga chokwanira, amayenera kuchidya. Chikasowa maso amayamba kufa pang'onopang'ono mpaka khungu, mtima umakula nkufooka. Mu 1987 ofufuza a pa University of California, Davis anaonetsa kuti amphaka ambiri odwala mtima vuto linali limeneli, atapatsidwa taurine ankachira, ndipo makampani anaonjezera taurine mu chakudya cha amphaka. Vitamini A nayenso mphaka sangamutenge mu karoti kapena masamba ngati ife ndi agalu, amafuna wa mnyama. Olo shuga samumva kukoma nkomwe. Pomwe galu wakhala ndi anthu zaka masauzande ambiri akudya zotsala zathu, ndipo kafukufuku wa ku Uppsala ku Sweden wa 2013 anapeza kuti agalu amagaya sitachi bwino kuposa mimbulu. Nchifukwa chake galu wanu amakhala ndithu ndi nsima ya mgaiwa bola mwaikamo bonya, msuzi wa mafupa kapena zamkati, ndipo nchifukwa chakenso chakudya cha agalu chimatchipa, chimanga chimachulukamo. Mphaka akaba kamodzi mmbale ya galu palibe vuto, choopsa ndi miyezi.

Matumba aja ojambula mmbulu nkulemba grain free, kutanthauza kuti mulibe chimanga kapena tirigu, ine amandinyansa, akugulitsa nthano yoti galu ndi chilombo cha mtchire. Mu 2018 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linayamba kufufuza madandaulo a matenda a mtima mwa agalu odya zakudya zoterezi, nde musalipire ndalama zambiri chifukwa choti mulibe chimanga.

Timapaketi tamsuzi tija tili ndi phindu limodzi loona. Amphaka anachokera kwa mphaka wamtchire wa madera ouma, samwa madzi ambiri, ndipo amuna makamaka amavutika ndi kutsekeka mkodzo. Chakudya chonyowa chimathandiza, kungoti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a paketiyo ndi madzi, nde mukugula madzi pa mtengo wa nyama.

Mukamagula tembenuzani paketi. Fufuzani mawu oti complete, ndiye kuti chili ndi zonse, pomwe complementary nchongoonjezera. Zochokera ku Ulaya zikalembedwa with chicken, nkhukuyo itha kukhala 4 peresenti yokha, nde onani mndandanda wa zomwe aikamo, choyamba kulembedwa ndi chomwe chachuluka kulemera kwake.

Ndalama ikavuta, mphaka mgulireni kathumba ka chakudya chouma cha amphaka cholembedwa complete, muzionjezera matemba a ku Chilwa kapena usipa wa mumsika mutauviika kaye kuti mchere uchoke nkuphika, mitima ya nkhuku, chiwindi pang'ono osati daily. Ndiwo zokazingira anyezi kapena adyo musapatse onse awiri, zimaononga magazi. Ndipo mbale ya mphaka muziika pamwamba pomwe agalu aja safika, apo ayi chodulacho athera ndi iwo.