Yambani mwasankha chaka, penti ibwere pambuyo

Achimwene, mwati mwagula bokosi la tizidole ta 28mm ta asilikali apakavalo a ku France, mukufuna kupanga chithunzi cha nkhondo ya Austerlitz, ndipo mumakonda ma carabinier, gulu lija la asilikali apakavalo a jekete yoyera. Funso lanu ndi lakuti buluu woyenera ma cuirassier, asilikali apakavalo ovala chitsulo pachifuwa, ndi uti, komanso ngati kulondola kwa yunifolomu kuli ndi ntchito.

Za buluuzo ndiyankha, koma pali vuto lina lalikulu lomwe simunalifunse. Nkhondo ya Austerlitz inachitika pa 2 Disembala 1805, ndipo tsiku limenelo panalibe carabinier ndi mmodzi yemwe wovala zoyera. Ankavala jekete ya buluu wakuda ndi chipewa chachitali cha chikopa cha chimbalangondo, pachifuwa popanda chitsulo chilichonse. Jekete yoyera ya kolala ya buluu wowala, chapachifuwa chokutidwa ndi mkuwa ndi chisoti cha manyenje ofiira pamwamba zinalamulidwa kumapeto kwa 1809, Napoleon ataona mmene asilikaliwa anavulalira pankhondo yolimbana ndi Austria chaka chomwecho. Ndiye musankhe chimodzi: kaya mukhale pa Austerlitz n'kupeza tizidole ta zipewa za ubweya, kaya musunge zoyerazo n'kusamutsira chithunzi chanu ku nkhondo ya Borodino (7 Sepitembala 1812) kapena ya Waterloo (18 Juni 1815). Ndikanakhala ine ndikanasamutsa nkhondoyo, chifukwa mabokosi ambiri apulasitiki amaumbidwa motengera zaka za 1812 mpaka 1815, ndipo kusema jekete pa kachidole kochepa chonchi n'kudzizunza chabe.

Ma cuirassier nawo ali ndi msampha wawo. Jekete ndi ya buluu wakuda nthawi yonseyi, chisoti chachitsulo chokhala ndi mkuwa pamwamba ndi mchira wakuda wa ubweya wa kavalo, koma mtundu wa pakolala ndi popindikira m'munsi mwa jekete umadalira nambala ya gulu ndi chaka. Poyamba magulu 1 mpaka 6 anali ndi zofiira, 7 mpaka 12 zachikasu. Kuchokera mu 1810 anawagawa atatuatatu: 1 mpaka 3 anakhalabe ofiira, 4 mpaka 6 anapatsidwa mtundu womwe Afalansa amautcha aurore, wonga lalanje lotuwira, 7 mpaka 9 achikasu, 10 mpaka 12 pinki. Inde, pinki, pa amuna amphamvu okwera akavalo akuluakulu. Mukapaka gulu la nambala 5 mtundu wa aurore n'kuliika pa Austerlitz, wodziwa adzaona nthawi yomweyo.

Oimba lipenga ndi amene anandichititsa manyazi ine. Ndinatha madzulo atatu ndikuwalitsa chapachifuwa cha woimba lipenga wanga woyamba, kenako mnzanga wina anangoti, "Ameneyu sankavala chitsulo." Zinali zoona. Ankakwera kavalo wotuwa, mchira wa pachisoti kawirikawiri woyera, ndipo 1812 isanafike nthawi zambiri mitundu ya jekete yake inali yotembenuza, wa pakolala ya anzake kukhala wa jekete yonse. Malamulo a 1812, omwe timawatcha a Bardin potengera dzina la mkulu wa asilikali amene anawakonza, anabweretsa jekete yobiriwira ya mtundu wa mfumu Napoleon yokhala ndi timizere tachikasu ndi tobiriwira. Malamulo omwewo anafupikitsa michira ya jekete za ma dragoon, mtundu wina wa asilikali apakavalo, koma musaganize kuti onse anasintha tsiku limodzi. Zambiri zinafika kwa asilikali mu 1813, ndipo zakale zinkavalidwa mpaka zitang'ambika.

Tsopano buluu uja. Musavutike mtima. Utoto wa indigo unkasowa ku France chifukwa zombo za Britain zinatseka njira za panyanja, mpaka mu 1806 anayesa kuveka ena mwa asilikali oyenda pansi zoyera. Nsalu zinkachokera kwa ogulitsa osiyanasiyana, kenako dzuwa, mvula ndi utsi wa wonga n'kuchita zawo. Anthu awiri a gulu limodzi sakanafanana ndendende. Tengani buluu wakuda, muwalitseko pang'ono m'mapewa ndi m'mapindo, chifukwa pa kachidole kakang'ono mtundu weniweniwo umangooneka bii. Zoyera za ma carabinier muyambe ndi penti yotuwira, yoyera mbee ikhale ya pamwamba pokha pogunda kuwala.

China choti muganizire: mukupanga asilikali a paperete kapena a kunkhondo? Zojambula zambiri zokongola, monga za Carle Vernet zosonyeza malamulo a 1812, zimaonetsa zomwe zinalembedwa papepala. Paulendo wankhondo nthenga za pachisoti nthawi zambiri ankazichotsa, miyendo ankaivala mathalauza otuwa okhuthala pamwamba, ndipo usiku wa pa 17 Juni 1815 kunagwa chimvula, choti akavalo a ku Waterloo opanda matope m'miyendo ndi bodza loposa la batani lolakwika. Zojambula za Lucien Rousselot ndimazidalira kwambiri pa tinthu ting'onoting'ono, ndipo zithunzi za zovala zenizeni zosungidwa ku Musée de l'Armée ku Paris zimapezeka pa intaneti. Chithunzi cha pabokosi musachitenge ngati lamulo.

Ma hussar, asilikali a akavalo opepuka aliwiro, asiyeni kaye. Gulu lililonse linali ndi mitundu yakeyake, la nambala 2 zofiirira ngati khofi, la 3 zotuwa, la 7 zobiriwira ndi mathalauza ofiira, ndipo zingwe za pachifuwa pawo zimatha maso. Yambani ndi ma cuirassier asanu ndi mmodzi a gulu limodzi, mulembe nambala ndi chaka pansi pa thabwa lawo musanatsegule penti. Mukasankha Borodino kapena Waterloo mundiuze gulu lake, ndikuuzani za nsalu ya pachishalo ndi nambala yomwe imalembedwa pa kachikwama ka kumbuyo kwa wokwera.