Mfuti ya masewera owombera: zoyenera kusintha ndi zoyenera kuzisiya mmene zilili

Mafunso awa achokera kwa abale athu okhala ku South Africa omwe ali ndi ziphaso za mfuti ndipo amapita kukalabu kukawombera chandamale.

Funso: Ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndangogula Glock 17 ya masewera. Anzanga kukalabu akuti ndisinthe trigger (kokoka ndi chala powomba), ma sight (zolozera chandamale), sipuling'i ndi barrel (mpope wodutsa chipolopolo). Ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, yambirani pa zimene maso anu amaona ndi zimene dzanja lanu limagwira. Zam'kati zisiyeni kaye. Mfuti imeneyi anaipanga Gaston Glock ku Austria, ndipo asilikali a dzikolo anaivomereza mu 1982. Ili ndi tizipangizo topitirira pang'ono 30, ndipo kalikonse kanayezedwa mogwirizana ndi kanzake: kulemera kwa slide (chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera mmbuyo mfuti ikalira), mphamvu ya sipuling'i imene imaibweza, ndi mphamvu ya chipolopolo cha 9mm. Mukasintha zinthu zinayi tsiku limodzi mfutiyo n'kuyamba kukakamira, simungadziwe chimene chalakwa. Sinthani chimodzi, mukawombe zipolopolo zokwanira ndithu, muone ngati ikuyendabe bwino, kenako mupite pa china.

Anzanuwo anena zoona pa ma sight. Amene Glock amabwera nawo nthawi zambiri ndi apulasitiki, ndipo amatha kuphwanyika kapena kusuntha akagundika. Ikani achitsulo. Kwa owombera masana, lakutsogolo likhale lija lokhala ndi kandodo kofiira kapena kobiriwira ka fiber optic, chifukwa diso limakapeza msanga. Lakumbuyo musalikhome ndi nyundo ndi msomali, pali chida chake cholikankhira pang'onopang'ono, ndipo amisiri a mfuti onse ali nacho. Pa chogwirira, ngati yanuyo ndi ya mtundu wa Gen4 kapena Gen5, m'bokosi muli tizidutswa takumsana tokulitsira chogwiriracho. Tiyeseni tonse musanagule kanthu. Manja akamaterera ndi thukuta matani tepi yokhakhala. Ena amatenga chitsulo chotentha chowotcherera mawaya n'kumadinda nacho timadontho pa pulasitiki ya chogwirira. Zimathandizadi kuti dzanja ligwire, koma pamene mwawotcha sipabwereranso, ndipo frame, thupi lapansi la mfuti pamene pali chogwiriracho, simungangopita kusitolo n'kukagula ina, chifukwa lamulo la Firearms Control Act la 2000 limaiwerenga ngati mfuti payokha. Chimodzimodzinso barrel. Lamulo lomwelo likuti kusintha kutalika kwa barrel kapena kukula kwa chipolopolo chimene mfuti imawomba ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti wokhala ndi laisensi, osati ya m'galaja mwanu.

Funso: Zipolopolo zanga zonse zikugwera pansi chakumanzere. Ndisunthe sight mbali iti?

Yankho: Ngati mumawombera ndi dzanja lamanja, musasunthe kanthu pakadali pano. Pansi chakumanzere kawirikawiri ndi chizindikiro choti dzanja likufinya chogwirira kapena likukankha mfuti kutsogolo podikira phokoso. Yesani izi muli kumalo owomberako: mnzanu akuikireni zipolopolo m'magazini, asakanizemo chimodzi chabodza, chija chopanda wonga, inu musadziwe pamene chili. Mukachifika mfuti siilira, ndipo mudzaona nokha mlomo wake ukugwera pansi. Mukaona zimenezo vuto lili m'dzanja, ndipo mankhwala ake ndi kuyeserera kukoka trigger mfuti ilibe chipolopolo, sight osagwedezeka.

Koma ngati mwatsamiritsa manja pa thumba la mchenga, komanso katswiri wina wawomba nayo n'kupeza zomwezo, pamenepo sunthani. Sight yakumbuyo imasunthidwira mbali imene mukufuna kuti zipolopolo zipite. Masamu ake ndi osavuta. Pa Glock 17 mtunda wa pakati pa ma sight awiri ndi pafupifupi mamilimita 165. Ngati pa mamita 10 mukuphonya ndi masentimita 5, chulukitsani 50 ndi 165, mugawe ndi 10,000. Yankho silifika n'komwe milimita imodzi, ndi pafupifupi 0.8. Ambiri amasuntha kwambiri, zipolopolo n'kuolokera tsidya lina.

Funso: Trigger yanga ndi yolimba. Ndaona pa YouTube anthu akupala tizitsulo tam'kati ndi tupa kuti ifewe. Nditha kupanga ndekha?

Yankho: Ayi bambo, apa pokha ndikukanizani, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mofatsa popeza ndi pamene anthu amavulala.

Trigger ya Glock yochokera kufakitale imafuna mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 2.5. Mfutiyi ilibe kabatani kakunja kotsekera. Chitetezo chake chili m'kati, magawo atatu: kalilime kali pakati pa trigger kamene kamailetsa kubwerera mmbuyo ngati chala sichinakadinde, kachitsulo kotchinga firing pin (nsonga yomenya chipolopolo kuti chiphulike) kuti isafike pa chipolopolo, ndi kamzere kamene kamagwira chitsulo cha trigger kuti chisatsike mfuti ikagwa pansi. Zonsezi zimadalira kuti tizitsulo tiwiri tikumane pa malo ang'ono kwambiri, ndipo m'mbali mwake mukhale mosongoka mmene anadulira kufakitale. Tupa ikadya pamenepo, malo okumanirana amachepa, kona yake imasanduka yobulungira. Tsiku loyamba trigger imamveka yofewa, mwini wake n'kusangalala. Pakatha miyezi, chitsulo chimene chinapalidwa chija chimatha msanga chifukwa khungu lake lolimba linachoka, ndipo mfuti imatha kulira ikangogundika, kapena pamene slide ikutsekeka, chala chisanafike pa trigger.

Musaganize kuti zimenezi n'zongoopseza. Ngakhale makampani akuluakulu, okhala ndi mainjiniya ndi makina oyezera, zinawavutapo. Mu 2017 kampani ya SIG Sauer inauza eni ake a P320 kuti atha kutumiza mfuti zawo kuti zikakonzedwe mwaulere zitadziwika kuti inkatha kulira ikagwa pansi mopendekeka mwamtundu wina. China mwa zimene anasintha chinali trigger yeniyeniyo: anaika yopepukirapo, chifukwa kulemera kwa chitsulocho kunkachititsa kuti chizisuntha chokha mfuti ikamenya pansi. Ngati kulemera kwa kachidutswa kamodzi kungachite zimenezo, nanga tupa ya munthu amene akungoyeza ndi maso?

Ngati trigger ikukuvutanidi, njira zilipo. Choyamba iwombereni, chifukwa tizitsulo timasalala tokha tikamakhulana. Chachiwiri, Glock eni ake amapanga connector (kachitsulo kam'kati koyendera limodzi ndi trigger) yofewerako, yokhala ndi chizindikiro cha minus. Muipereke kwa mmisiri wa mfuti aiike, ndipo akamaliza ayeze chitetezo chonse chitatu inu mukuona. Dziwaninso malamulo a mpikisano musanawononge ndalama. Bungwe la mipikisano yowombera la IPSC, limene linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, Missouri, ku America, lili ndi gawo la Production limene limalola zosintha zochepa chabe ndipo limayeza kulimba kwa trigger. Mutha kulipira zambiri n'kupezeka kuti mwadzichotsa nokha m'gawo limenelo, n'kukapikisana ndi anthu a mfuti zodula kwambiri kuposa yanu. Amene mtima wake uli pa trigger yofewa ndi mfuti yolemera bwino m'manja, kuli bwino asunge ndalama adzafunsire chiphaso cha CZ Shadow 2, mdzukulu wa CZ 75 ya ku Uherský Brod ku Czech Republic, imene anaipangira masewera omwewa.

Chimodzi chomaliza pa Glock: kuti muchotse slide mumayenera kukoka trigger kaye. Chotsani magazini, kokani slide, yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi maso, mulowetsemonso chala, ndipo zipolopolo zikhale kuchipinda china cha nyumba. Ngozi zambiri za "ndimangoitsuka" zimachitikira pomwepa.

Funso: Ndaika red dot (kagalasi kolozera koonetsa kadontho kofiira) pa Glock MOS yanga, ija slide yake ili ndi malo oikapo kagalasiko. Poyamba inali bwino, tsopano kadontho kakusuntha ndipo nthawi zina khoko la chipolopolo likukanirira osatuluka.

Yankho: Mavuto awiriwa mwina akuchokera pa masikuluu omangirira red dot pa slide. Slide imamenya kutsogolo ndi kumbuyo mwamphamvu pa chipolopolo chilichonse, ndiye sikuluu yomangidwa youma imamasuka. Masulani, pukutani mafuta onse pa mazinga ndi sipiriti, dontheziranipo pang'ono guluu wa masikuluu wabuluu, osati wofiira amene amafuna moto kuti amasuke, ndipo mumange ndi chida choyeza mphamvu motsata zimene opanga red dot yanuyo analemba. Muisiye tsiku lathunthu iume. Lembani kamzere ka penti kuchokera pamutu pa sikuluu kufika pambali pake, kuti ikadzasuntha mudzaone msanga.

Za khoko lokanirira, yezani kutalika kwa masikuluu. Mbali yakumanja ya slide, pansi pomwepo, mumadutsa kandodo ndi sipuling'i zimene zimakankha extractor, kaja kamene kamakoka khoko. Sikuluu ikatalika imafika pa kandodoko n'kukapanikiza, ndipo guluu wochuluka amathanso kudonthera momwemo. Gwiritsani ntchito masikuluu amene anabwera ndi mbale imene red dot imakhalapo. Batire musinthe kamodzi pachaka ngakhale ikuwalabe, ndipo mukachotsa red dot posintha batire, kayezeninso pa chandamale.

Funso: Sipuling'i yofewa imachepetsa kukankha kwa mfuti?

Yankho: Imasintha mmene kukankhako kumamvekera, koma mphamvu yake ndi yomweyo. Ikafewa kwambiri slide imamenya frame mwamphamvu, ndipo nthawi zina siitsekeka mpaka kumapeto. Ngati mukuwomba zipolopolo za kusitolo, siyani ya fakitale, muziisintha ndi yofanana nayo ikatopa. Amisiri ambiri amati pakatha zipolopolo pafupifupi 5,000.

Wina anafunsanso za kachipangizo kochititsa kuti mfuti izilira mosalekeza chala chili pa trigger. Funso limenelo sindiliyankha. Mfuti yotero ndi yoletsedwa kwa munthu wamba ku South Africa, ndipo chilango chake ndi zaka zambiri kundende.

Funso: Ndikupita kumudzi ku Malawi pa Khirisimasi. Nditha kuitenga?

Yankho: Chiphaso chanu chimathera pa malire a South Africa. Kuti mfuti ituluke pamafunika chilolezo cha apolisi a SAPS, kuti ilowe ku Malawi pamafunika chilolezo cha apolisi a ku Malawi, ndipo ngati mukuyenda pa basi kapena pa galimoto, Zimbabwe ndi Mozambique nawonso ali ndi malamulo awo pa mfuti yongodutsa. Mukapezeka nayo pa Beitbridge kapena pa Mwanza opanda mapepala amenewo, mlandu wake ndi wolowetsa mfuti mozemba. Isiyeni ku South Africa: ichotseni zipolopolo, ipakeni oilo pang'ono kuopa dzimbiri, muitsekere mu sefa yanu yovomerezeka (bokosi lachitsulo losungira mfuti), ndipo makiyi musasiyire munthu aliyense wopanda chilolezo chosunga mfutiyo.