Ana akamamuchemerera Hitler m'kalasi, muyambire pati?

Mphunzitsi wina wa History pa CDSS ina wanditumizira imelo. Akuti akafika pa mutu wa Germany ndi nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anyamata ena a Fomu 4 amamuchemerera Hitler kuti anali dolo. Akawauza kuti Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, ana amangokopera nambalayo m'kope, basi nkhani yathera pomwepo. Akufunsa kuti atani, poti pasukulupo palibe pulojekita ndipo mabuku ndi ochepa.

Aphunzitsi, za pulojekitazo musadandaule nazo. Ine sindikhulupirira kuti zithunzi za mitembo zimaphunzitsa mwana. Ena amachita mantha, ena amaseka pobisa manthawo. Vuto ndi poyambira. Ambiri timathamangira ku Auschwitz, msasa waukulu womwe boma la Hitler linkapherako anthu, pomwe nkhaniyi inayamba mu 1933, ndi malamulo ooneka ang'onoang'ono.

Yambirani pasukulu, popeza ndi pomwe ana anu akudziwa. Hitler atangolowa m'boma mu Januwale 1933, mwezi wa Epulo Ayuda ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi omwe, anayamba kuchotsedwa. Mwezi womwewo kunabwera lamulo lochepetsa ana achiyuda m'masukulu. Mu 1935 malamulo a ku Nuremberg anawalanda unzika ndi kuletsa maukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena. Usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge anatenthedwa, masitolo a Ayuda kuswedwa, ndipo patangopita masiku ochepa ana achiyuda anathamangitsidwa m'masukulu a boma. Lembani zaka zimenezi pabolodi, ndiye mufunse: amene anafufuta dzina la mwana wachiyuda m'kaundula anali ndani? Hitler sankalowa m'kalasi kukachita zimenezo. Anali ahedi, akalaliki, apolisi, anthu okhala ndi mabanja awo. Mnzake wokhala naye desiki imodzi anati chiyani m'mawa mwake? Apa kalasi imakhala zii, ndipo "dolo" uja amayamba kuchepa.

Mukatero ndiye mufike pa kuphako. Auzeni za chigwa cha Babi Yar, pafupi ndi mzinda wa Kyiv ku Ukraine, pomwe Ayuda oposa 33,000 anawomberedwa m'masiku awiri okha mu Seputembala 1941. Auzeninso za msonkhano wa ku Wannsee mu Januwale 1942, pomwe akuluakulu a boma, ambiri ophunzira bwino, anakambirana za kupulula mtundu wonse ngati akukonza bajeti. Kenako sitima zapamtunda zomwe zinkanyamula Ayuda kupita kumisasa, ndi Auschwitz, komwe anthu oposa 1 miliyoni anaphedwa asilikali a Soviet Union asanafikeko pa 27 Januwale 1945. Musaiwale kuti anthu a mtundu wa Roma (omwe ena amawatcha ma Gypsy) ndi anthu olumala nawonso anaphedwa.

Ziwiri ndikuletseni. Musachititse sewero loti ena akhale a Nazi (a chipani cha Hitler), ena Ayuda. Pa buleki mudzamva akuitanana mayina omwewo. Komanso wina akanena kuti Ayuda anazunzika chifukwa anapha Yesu, ndipo adzanenadi, musamukalipire koma musaisiye idutse. Mufotokozereni kuti bodza limeneli ndi limodzi mwa zimene zinakoleza chidani ku Ulaya kwa zaka mazanamazana Hitler asanabadwe.

Za kupululidwa kwa Atutsi ku Rwanda mu 1994 ana adzazitchula okha. Aloleni, koma kumapeto, atamvetsa kaye za Germany payokha. Kalendala ya pabolodi ija aikopere m'makope, idzawathandizanso polemba za ulamuliro wa Hitler pa mayeso a MSCE.