Malipiro akutha pa 15? Yambirani pa thumba la chimanga

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe watumiza funso ili pa imelo: "Pakhomo tilipo asanu. Malipiro anga ndi a bambo amalowa pa 27, koma pofika pa 15 timakhala tayamba kale kukongola pa okala. Sitimwa mowa, sitidya zapamwamba. Kodi ndalama zikupita kuti?"

Mayi, ndalama za pakhomo ngati panupo sizithera pa chinthu chachikulu ayi. Zimathera pa walkman wa ufa, mafuta oyeza, kajumbo ka makala ndi kabaza, tsiku ndi tsiku. Wogula pang'onopang'ono ndi amene amalipira mtengo wokwera kuposa aliyense. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye ndalama yongokhala m'chikwama imafooka, pomwe chimanga chili m'nyumba chimakwera mtengo.

Choyamba ndi chimanga. Chimatsika mtengo anthu akangokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo chimafika povuta mu Januwale ndi Febuluwale. Banja la anthu asanu limatha thumba la makilogalamu 50 pamwezi, mwina kuposerapo pang'ono. Ngati matumba 12 sangatheke, gulani anayi okha a Disembala mpaka Malichi. Gwirizanani ndi anzanu awiri kapena atatu mupite ku Mitundu kapena ku Nsundwe tsiku la msika, thiransipoti mugawane. Tengani ndowa yanu. Ndowa za mavenda ena ndi zopondereza kunsi, ndipo muona kusiyana kwake mukafika kunyumba.

Vuto la chimanga chotchipa n'kuti nthawi zambiri chimakhala chosauma. Ikani njere zochepa m'botolo lagalasi louma, thiranimo mchere wouma, tsekani n'kukhutchumula. Pakapita mphindi zingapo, mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi: chiyanikeni masiku awiri kapena atatu, apo ayi chichita chuku. Posunga, matumba a PICS ndi abwino chifukwa safuna mankhwala. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati. Finyani mpweya, mangani lililonse palokha, kenako thumba lakunja. Anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya. Koma khoswe akaboola, kapena mukamatsegulatsegula, zonse zalephereka. Sanjani pa matabwa, osatsamiritsa kukhoma.

Kuchigayo nakonso kumapita ndalama. Ufa woyera umataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga pokonola. Mgaiwa sutaya kanthu kwenikweni, umakhutitsanso nthawi yaitali. Ngati bambo akuwiringula, yambani ndi gramil kapena sakanizani. Ndipo madeya musawasiye pachigayo, oweta nkhuku amagula.

Chachiwiri ndi moto. Nyemba ndiye mdani wa makala. Zivikeni m'madzi usiku wonse. Mawa lake zikawira bwinobwino kwa mphindi 20, phulani poto wotsekera, m'kulungeni ndi bulangeti lakale n'kumuika m'dengu kwa maola atatu kapena anayi. Muzipeza zafewa, kwangotsala kukazinga. Musavundukule kuti muone, kutentha kukathawa zimakhala gwa. Mukamaliza kuphika, makala otsala musawathire madzi. Aikeni m'chitini n'kutseka, azima okha ndipo madzulo ayaka msanga. Mbaula yokhala ndi dongo mkati imasunga moto kuposa yachitsulo chokhachokha.

Pa magetsi, mababu si amene akukudyerani mayunitsi. Ndi chilichonse chotenthetsa: hotplate, ketulo, ayironi. Hotplate ya mawati 1,000 ikayaka ola limodzi, yuniti imodzi yapita. Sitani zovala za sabata yonse kamodzi. Pa madzi, tsekani mipopi yonse muyang'ane mita. Ikamayendabe, penapake pakudontha, ndipo kawirikawiri ndi m'thanki ya chimbudzi.

Tomato, anyezi ndi mbatata gulani kamodzi pa sabata kumsika wa Wakawaka m'mawa, osati pa benchi tsiku lililonse. Masamba akachuluka nthawi ya dzinja, futsani. Ku Airtel Money kapena Mpamba, kutapa kangapo tindalama tating'ono kumadula kuposa kutapa kamodzi.

Nanga ndalama za matumba anayi a chimanga aja zichokera kuti, poti malipiro amafikira kubweza ngongole? Katapila ayi, ameneyo angokulitsa dzenje. Ngati muli mu chipereganyu, pemphani kuti ulendo wanu ukhale wa Meyi kapena Juni. Ngati ndi banki m'khonde, bwerekani zokwanira chimanga chokha, muwerengeretu chiwongoladzanja cha mwezi uliwonse musanasaine. Mwezi uno, malipiro akangolowa, lipirani lendi, gulani thumba limodzi la chimanga, botolo la mafuta la malita awiri ndi thumba la makala tsiku lomwelo. Zotsala zigaweni m'maenvulopu anayi, imodzi pa sabata, ndipo ya sabata yachitatu isatsegulidwe lisanafike tsiku lake.