Mkonono ukati zii, kenako n'kudzidzimuka ngati atsamwa

Mayi wina wa ku Santhe kuno ku Kasungu wandilembera imelo. Akuti amuna awo, omwe amayendetsa minibasi ya ku Lilongwe, amaliza mkonono womveka mpaka panja, kenako zii, osapuma, mpaka adzidzimuke ngati atsamwa. Apongozi awo akuti ndi afiti akuwakanyanga pakhosi. Ndiye apite kuti?

Mayi, pitani kuchipatala, ndipo mupite nonse awiri. Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda omwe madokotala amati sleep apnea. Munthu akagona minofu ya kummero imalefuka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka. Mpweya wabwino ukachepa m'magazi, ubongo umamudzidzimutsa kuti apume. Mwini wake kukacha sakumbukira kanthu, amangodzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwaa, tulo tisanathe. N'chifukwa chake mboni ndinu. Bambo akapita okha akangoti "ndimatopa", n'kubwerako ndi panado.

Usiku uno tengani foni muwajambule, mkononowo umveke, ndipo muwerenge masekondi a zii uja. Madokotala amawerengera kupuma komwe kwaima masekondi 10 kapena kuposa. Poyeza tulo amaika tizipangizo pachala, pamphuno ndi pachifuwa usiku wonse kuti aone kuti zikuchitika kangati pa ola. Ka 5 mpaka 14 vuto ndi laling'ono, 15 mpaka 29 ndi lapakati, kuyambira 30 ndi lalikulu.

Yambirani pachipatala chachikulu cha pa boma. Akawayeze BP, shuga, sikelo ndi khosi lomwe, poti khosi lopitirira masentimita 40 poliyeza mozungulira limakayikitsa. Mufunse komwe angakayezedwe tulo, komanso ngati pakufunika kalata yopitira ku Kamuzu Central.

Chikundidetsa nkhawa ine ndi chiwongolero. Munthu wosinza pa M1, minibasi itadzaza, sekondi imodzi ikwanira. Ngati anasinzapo ali pamsewu, akanene zoona kwa adokotala, ndipo asayendetse ali ndi tulo.

Thandizo lilipo. Makina a CPAP amapopera mpweya pamphuno kuti mmero usatsekeke, kungoti amafuna magetsi usiku wonse, ndiye muganizirenso za batire. Podikira zonsezo, mowa wamadzulo, fodya ndi mapiritsi ogonetsa azisiye, ngati ali onenepa achepetse thupi, ndipo azigona chammbali. Akamatembenukira chagada, asokereni kampira kumsana kwa malaya ogonera.